Ngayaye za m'Munda wa a Namakhwa

1973 mpaka 1990

Za ubwana wanga ndazidumpha dala, ana anga, chifukwa munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazifotokoza bwino kuposa ine ngakhale amathiramo mchere wambiri. Ine ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa. Nditamaliza maphunziro a zaulimi ananditumiza ku siteshoni ina ya kafukufuku wa mbewu m'chigawo chapakati. Ndinafika nditavala tayi, ndikuganiza kuti andipatsa tebulo ndi mpando. Anandipatsa mpeni, chipewa cha mlaza ndi mtolo wa timatumba ta pepala. Amene ankatiyang'anira anali bambo Zimba, munthu wamfupi wosakonda kuseka. Atayang'ana tayi yanga anati, "Mnyamata, vula chingwecho. Kuno ntchito yathu ndi yaunkhoswe, koma maukwati ake si a m'tchalitchi."

Ndinaganiza kuti akundinyoza, koma ankanena zoona. Kwa iwo ndi kumene ndinaphunzira kuti chomera chilichonse chili ndi kakwatiridwe kake. Nyemba ndi mtedza sizivutitsa munthu, duwa limadzikwatira lokha, nchifukwa chake mbewu yake simasintha msanga. Dzungu limakhala ndi maluwa aamuna ndi aakazi pa chomera chimodzi, koma popanda njuchi timaungu timangoyoyoka. Papaya ali ndi mtengo waumuna ndi waukazi, ndipo ndaona anthu ambiri akudula waumuna poti subereka, kenako nkumadabwa kuti ina yasiya kugwira. Tsono chimanga ndicho chinandidyera zaka. Ngayaye ija ili pamwamba ndiye mwamuna, imatulutsa fumbi lachikasu lotchedwa mungu. Ndevu zotuluka pa mwana wa chimanga ndiye mbali yaikazi, ndipo ndevu iliyonse ikalandira mungu imabala njere imodzi. Nthawi zambiri ngayaye imakhwima ndevu za phesi lomwelo zisanatuluke, choncho mungu umene zimalandira umakhala wochokera kwa anzake. Bambo Zimba ankati nkhoswe wa chimanga ndi mphepo, ndipo mphepo sidziwa malire a munda. Ntchito yathu inali yolanda mphepo udindo umenewu: kuphimba ana a chimanga ndi pepala ndevu zisanatuluke, kukunkha mungu wa ngayaye imene taisankha, ndi kuuthira ndi dzanja.

Mu 1990 anandisamutsira ku Blantyre kuti ndizikayendera minda ya alimi ochulukitsa mbewu. Mbewu ikakhala yosasakanikirana ndi mtundu wina ndinkaivomereza, ikasakanikirana ndinkaikana, ndipo ikakanidwa inkagulitsidwa ngati chimanga wamba cha kuchigayo. Tinapeza nyumba ku Chilomoni, ija munakuliramo, yodontha pakona.

Okutobala 1995

Zaka zimenezo zinali zovuta. Chilala chinali chitatikwapula kawiri, makampani ankatseka kapena kuchepetsa antchito, ndipo maliro ankangotsatana. Ufulu wa matipate tinaulandira ndi manja awiri, koma mumphika unali usanafike. Ku Machinjiri amayi ena anapanga kalabu. Ambiri amuna awo anali atachotsedwa ntchito, ena anali amasiye. Bungwe lina linawapatsa mbewu ya chimanga chamakono kuti aichulukitse, ndipo linalonjeza kudzaigula yonse ngati ine nditaivomereza. Wapampando wawo anali mayi Makwinja, mayi wamasiye wamtali, wa mawu omveka kutsidya kwa mtsinje, amene ankalera ana ake ndi a mchemwali wake womwalira pogulitsa zitumbuwa.

Lamulo la mbewu limati pafupi ndi munda wotere pasakhale chimanga cha mtundu wina, mtunda wake ngati mabwalo a mpira awiri. M'tauni malo otere ndi osowa, koma amayiwa anali ndi mwayi. Munda umene anabwereka unali kumapeto kwenikweni kwa nyumba. Mbali ina kunali phiri la miyala, ina manda a mitengo yowirira, kumunsi dambo. Kummawa kokha ndiko kunali kamunda kakang'ono, koma kanali tchire lokhalokha. Nditafunsa anati mwini wake sanaoneke zaka ziwiri. Ndinavomereza malowo ndi mtima woyera, nkuwauza kuti ndibweranso mvula ikangogwa.

Sindinabwere. Mwezi wotsatira ku ofesi kunatha mafuta. Njinga yanga yamoto inakhala pakhonde mpaka akangaude anamangapo nyumba, ndipo ife tinkangofika mmawa, kusainira, nkumawerenga nyuzipepala imodzi anthu tonse. Bwana wathu anali a Msiska, a kumpoto, munthu wachilungamo amene ankachita manyazi ndi umphawi wa ofesi yake ngati kuti wauyambitsa ndi iye. Ndikawafunsa za mafuta ankangotambasula manja nkunena kuti, "Adada, tidikire."

Januwale 1996

Mafuta atapezeka ndinathamangira ku Machinjiri. Chimanga cha amayi chinali chokongola zedi, chobiriwira mpaka kuda, chofika m'chifuwa. Koma nditayang'ana kummawa mutu unaima. Tchire lija kunalibe. M'malo mwake munali chimanga china, chamapesi aatali owonda, cha makolo, msinkhu wake wofanana ndi cha kalabu. Zinali zoonekeratu kuti zinadzalidwa ndi mvula imodzi ndipo zidzamasula nthawi imodzi. Kuwonjezera apo mphepo ya kumeneko imakonda kuchokera mbali yomweyo.

"Mayi, ichi bwanji simunandiuze?" ndinafunsa.

"Tikanakuuzani kuti, a alangizi? Inu munasowa ngati ndalama," anatero mayi Makwinja. "Komanso kamunda kakang'ono ngati aka kangatilakwire chiyani?"

Ndinawafotokozera za mphepo ndi mungu. Ndinawauza mosabisa kuti ngayaye za kamundako zikangotulutsa mungu, mbewu yawo yonse ndidzaikana. Amayi amene ankapalira anasiya makasu. Wina anakhala pansi pamzere pomwepo, nkufunda chitenje kumutu. Ndinamva chisoni kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti amayiwa analima mundawo ndi njala, ena atabereka ana kumbuyo.

Njira inalipo. Ukazula ngayaye zonse zisanakhwime, chimanga chimaberekabe, chifukwa ndevu zake zimalandira mungu wa munda woyandikana. Mwini kamundako sakanataya chakudya ngakhale pang'ono. Ndinaona ngati nkhani yake ndi yaing'ono, yongofunika kukambirana. Amayiwo anandiuza kuti mwini wake ndi a Namakhwa, telala wa ku Chirimba.

Ndinawapeza pakhonde la sitolo ina, akupalasa mashini akale osokera. Anali nkhalamba yowonda, ya magalasi omangidwa ndi ulusi, tepi ili m'khosi. Anandilandira bwino, nkundichotsera nsalu pa benchi kuti ndikhale. Anamvetsera zonse osandidula, phazi lili pa chopalasira. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

"Mukazula ngayayezo, chimene nditakolole ndikadzala chaka chamawa, chidzamera chomwechi?"

Ndinayankha kuti ayi. Chidzakhala chosakanikirana, theka chawo, theka cha amayi aja.

"Ndiye pepani bambo, mwavutika ulendo."

Ndinati ofesi ikhoza kuwapatsa mbewu yamakono ndi feteleza. Anaseka pang'ono, kuseka kosasangalala. Kenako anandifotokozera. Makolo awo anachokera ku Mozambique, cha ku Milanje, kuthawa ntchito yokakamiza. Akazi awo a Namakhwa, a Esinala, analinso a kumeneko. Amayi awo a Esinala powoloka malire anamanga chimanga pa nsonga ya nsalu, ndipo tsiku limene mwana wawo ankakwatiwa anamupatsako, monga ankachitira akazi a kwawo. Chinali chimanga cha njere zing'onozing'ono zolimba, zoyera ndi zina zofiirira, chosafumbwa msanga, chosasweka pokonola. A Esinala anachisunga moyo wawo wonse. Iwo ndi amene ankasankha zitsononkho za pakati pa munda nkuzipachika kudenga la khitchini. Atayamba kudwala munda unagona, a Namakhwa ali kalikiliki ndi chipatala. A Esinala anamwalira chaka chapitacho. Mbewu imene inatsala kudenga inali yochepa ndi yokalamba, ndipo poopa kuti ikagonanso chaka china sidzamera, a Namakhwa anaidzala yonse.

"Sindinasiyeko ngakhale njere imodzi," anatero. "Ana anga ali ku Joni ndi ku Lilongwe, amadya za m'sitolo. Zovala zake tinagawa kwa abale. Chimene chatsala cha Esinala ndi chili m'mundamo. Inu mukuti ndichidule mutu."

Ndinatsanzika nkubwerera ku ofesi mtima uli wolemera.

A Msiska anamvetsera nkhani yonse akusisita chipumi. "Adada," anatero, "zaka zingapo zapitazo mukanangotsina khutu tcheyamani wa chipani, anyamata akanapita ndi zikwanje, pofika masana nkhani yatha. Masiku amenewo anapita, ndipo ine sindikuwalira. Munthuyo munda ndi wake, sanaphwanye lamulo lililonse. Koma lamulo la mbewu nalonso silinasinthe. Mungu wachilendo usauluke pamenepo. Mmene muchitire, inu ndi amene mukudziwa mundawo. Ine ndidzaima kumbuyo kwanu."

Febuluwale 1996

Ngayaye zinayamba kusuzumira m'masamba a pamwamba. Amayi anandiitanitsa ku munda. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhope zili gwa. Mayi Makwinja sanazungulire.

"A alangizi, ife tagwirizana. Mawa mmamawa tilowa m'kamundako tizule tokha. Madalawo akamabwera apeza zatha. Sitiba kanthu, chimanga chawo adzakolola. Inu mungoyang'ana kumbali basi."

Kunena zoona, ana anga, mtima wina unandiuza kuti ndingokhala chete. Ntchito yanga ikanapepuka, mabanja ambiri akanapulumuka, wolira akanakhala mmodzi. Koma ndinakulira m'nthawi imene munthu ankalowerera munda wako, nyumba yako, ngakhale thumba lako, iwe nkumawomba m'manja. Ndinkaidziwa bwino nkhope ya munthu wochitiridwa zotero, ndipo sindinafune kuti ndiione pa a Namakhwa chifukwa cha ine. Ndinawauza amayiwo kuti akalowa m'munda wa mwini popanda chilolezo, ine mbewu yawo sindidzaivomereza. Ndinawauzanso kuti mwini wake akakanitsitsa ndipo mungu ukauluka, sindidzaivomerezabe, chifukwa alimi amene adzaigule nawonso ndi anthu osauka.

Panabuka phokoso. Wina anati ndadya za telala. Wina anati ndikufuna kangachepe. Mayi Makwinja anaimirira nkundiloza ndi chala. "Inu kumapeto kwa mwezi mumalandira. Ana anga adya chilungamo chanucho?" Mawu amenewo anandilasa. Ndinangowapempha kuti andilole ndiyesenso kamodzi.

Zimene ndinaganiza zinali za kwa bambo Zimba. Tisankhe mapesi abwino m'kamundako, tiphimbe ana ake ndevu zisanatuluke kuti mungu wa kalabu usawafike. Ngayaye zambiri tizule nthawi yomweyo. Zochepa zosankhika tizisiye mpaka zitatsala pang'ono kutseguka, tizidule madzulo, tipite nazo kutali, tiziike m'ndowa ya madzi m'nyumba. Mmawa zimatulutsa mungu, ife nkuukunkha pa pepala, kubwera nawo, kuuthira pa ndevu zophimbidwa zija. Ku siteshoni tinkangophimba ngayaye m'munda momwemo, koma kumeneko tinali ndi matumba osalowa madzi. Ku ofesi kwathu kunalibe ngakhale limodzi, ndipo pepala wamba likanang'ambika ndi mvula ya Febuluwale, mungu wonse ukanathera mwa amayi. Vuto la njira yangayi linali lakuti mungu wa chimanga suchedwa kufa. Ukatenthedwa kapena ukachedwa panjira umangosanduka fumbi wamba.

Tinapita ku Chirimba ndi mayi Makwinja. Tili m'njira anandigwira mkono. "Mukawauze kuti zitheka, shuwa shuwa. Musakayambe za mwina mwina zanu zija." Ndinamvetsa chifukwa chake ankatero. Koma a Namakhwa atamva zonse anavula magalasi nkundiyang'ana m'maso.

"Mukundilonjeza kuti chigwira?"

"Ayi bambo, sindingalonjeze. Ndinachitapo ndi zipangizo zabwino. Ndi zimene tili nazozi, chikhoza kugwira, chikhoza kukanika. Chikakanika, mbewu ya mayi yatha."

Mayi Makwinja anandiponda phazi mwamphamvu. A Namakhwa anayang'ana msewu. Kenako anatembenukira kwa mayiwo nkufunsa kuti kunyumba ali ndi ana angati. Mayiwo anawatchula mayina mmodzimmodzi, awo ndi a malemu mchemwali wawo, ndipo pofika kwa wotsiriza mawu awo aakulu aja anali atachepa.

"Mukanati mulonjeze, ndikanakana," anatero a Namakhwa kwa ine. "Ndasoka zaka zambiri, ndimamudziwa munthu wongolonjeza kuti ndibwera mawa. Chabwino. Koma ngayayezo zizikagona kwanga. Sindingazisiye m'manja mwa anthu amene amafuna kuzizula ine kulibe." Nkhani ija inali itawafika kale. Ku Machinjiri chinsinsi sichigona.

Zophimbira anasoka okha pa mashini awo, ndi mapepala a matumba a simenti amene anapempha kwa amisiri oyandikana nawo. Anazisoka bwino kuposa za ku siteshoni, msoko wake wowirikiza. Tsiku lozula, amayi anaima m'malire osalowa. A Namakhwa anayamba okha. Anagwira ngayaye yoyamba, nkuikoka, inatuluka ndi kaphokoso kakang'ono. Anaiyang'ana m'dzanja ngati sakudziwa poiika. Atazula zingapo anatembenuka nkunena kuti, "Lowani, amayi, ndekha sindimaliza." Analowa mwakachetechete, ndipo ngakhale mayi Makwinja tsiku limenelo sanamveke mawu.

Tinayambira kuthira mungu ku mizere ya kumunsi, kumene ndevu zinatuluka msanga. Apa ndi pamene minibasi inatichita chipongwe. Mafuta a njinga anali atathanso. Ine ndinkadzuka ku Chilomoni, kukafika ku Chirimba, kukunkha mungu ndi a Namakhwa, kuupinda m'pepala, nkuthamangira pa siteji. Tikakwera, minibasi inkangolira injini osanyamuka, kudikira kuti idzaze. Ikanyamuka inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale akungodzikanda. A Namakhwa ankakhala atakumbatira kapepala kaja pachifuwa, thukuta lili kamukamu, ndipo tsiku lina anakalipira dalaivala kuti, "Achimwene, tanyamula wodwala muno!" Anthu anayang'anayang'ana osamuona wodwalayo. Tikamafika ku munda dzuwa linkakhala litakwera, mungu utaumbika timibulu. Ndinkauthirabe, koma mumtima ndinkadziwa kuti tikuthira mtembo.

Ndinawauza a Namakhwa kuti tikapitiriza chonchi titaya zonse. Ngayaye zosankhika zinali zitatsala zochepa, ndipo ndevu nazo zikakalamba sizilandiranso. Mayi Makwinja anali chapafupi akumvetsera. Anabwera akupukuta manja pa chitenje.

"Bambo, nyumba yanga ili kuseri kwa phirili. Munthu woyenda bwino amafika madzi asanawire pa mbaula. Bweretsani ngayayezo kwanga."

Tinapita kukaiona nyumbayo. Inali ya zipinda ziwiri. Pabalaza pankagona ana ndi nkhuku, ndipo zenera lake linali lopanda galasi. Malo okhawo otsekeka bwino anali kuchipinda kwa mayiwo. Tonse atatu tinaima pakhomo tikudziwa vuto lake. Mwamuna salowa kuchipinda kwa mkazi wa mwini, ngakhale mwini wakeyo ali kumanda. Ine sindikanalowa, a Namakhwa sakanalowa. Ngayaye zikagona mmenemo, wozisamala, wozigwedeza mmawa ndi wokunkha mungu akanakhala mayi Makwinja okha, chitseko chili chotseka.

"Mukuopa kuti ndizithira madzi otentha," anatero mayiwo. "Nenani, musachite manyazi."

"Ndikuopadi," anatero a Namakhwa.

"Nanenso ndinkaopa kuti mukana, koma simunakane. Ine ndinaika mwamuna wanga m'manda, bambo. Malaya ake ena ndimawasungabe m'sutikesi, ana sadziwa. Ndipatseni."

Madzulo amenewo a Namakhwa anadula ngayaye zimene zinali zokonzeka, nkuzipereka ndi manja awiri. Ndinawaphunzitsa mayiwo panja, ndi ngayaye youma: kuika m'ndowa, kuyala pepala, kudikira kuti kunja kufunde pang'ono, kugwedeza mofatsa, kupinda, osaugwira ndi dzanja lonyowa. Amayi a kalabu atamva anaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere, "Mayi Makwinja alowetsa amuna kuchipinda, ndiye ambirimbiri!" Iwo anawayankha kuti amuna ake ndi abwino, sapempha ndiwo.

Mmawa wake ife tinadikira m'munda. Tinawaona akutsika phiri, mayi wamkulu thupi, akuthamanga osavala nsapato, kapepala atakakweza m'mwamba kuti kasakhudze thukuta. Nditakatsegula mungu unali wouma bwino, woyenderera, wachikasu chowala. A Namakhwa ankavundukula chophimba, ine nkuthira, iwo nkubwezera msanga. Tinachita choncho mmawa uliwonse mpaka ngayaye zinatha. Koma mvula inavuta sabata imeneyo, zophimba zina zinanyowa nkumatirira, ndipo ndevu za mizere ya kumtunda zinali zitayamba kufota kunsonga. Sindinadziwe ngati tinafulumira mokwanira. A Namakhwa atandifunsa ndinawauza zomwezo.

Epulo 1996

Mbewu ya kalabu ndinaivomereza. A Msiska anabwera okha kudzaiona, anayenda mzere ndi mzere, nkundigwira chanza osanena zambiri. Amayi anavina m'mundamo. Ine ndinasangalala nawo, koma maso anga ankangopita kummawa, kumene mapepala a simenti anali lende pa mapesi ouma. A Namakhwa anakana kuti tisuzumiremo nthawi isanakwane. Ankati mphika ukamauvundukulavundukula supsa.

Tsiku lokolola anabwera atavala jekete. Chimanga cha mapesi ozulidwa ngayaye chinabereka modabwitsa, zitsononkho zodzaza mpaka kunsonga, zoti sanakololepo chiyambire. Amayi anawathandiza kuchiunjika, mulu waukulu ndithu. Iwo sanachiyang'ane nkomwe. Anapita ku mizere ya kumunsi, kumene tinayambira, nkumasula chophimba choyamba. Anasenda makoko. Munali chitsononkho choyera, chopanda njere ngakhale imodzi. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chinali ndi nkhungu. Anapitiriza mzere wonse, akusenda ndi kuika pansi mwaulemu, osataya. Amayi anasiya kucheza. Ine ndinkadziwa kuti imeneyi ndi mizere ija tinathira mungu wochedwa m'minibasi, koma zimenezo sizinandilimbitse mtima. Ndinachita mantha kwambiri, ana anga, kuposa tsiku lina lililonse pa ntchito yanga. Munthuyu anavomera chifukwa cha mawu anga, ndipo ine ndinalibe china chomubwezera.

Atafika pakati pa munda anakhala pansi pa mzere. "Pitirizani inu," anatero. "Maso anga atopa."

Amene anapita ku mizere ya kumtunda anali mayi Makwinja. Anang'amba pepala, nkusenda atatipatsa msana. Anathyola china, nkusendanso. Kenako anabwera pang'onopang'ono, atanyamula zitsononkho ziwiri m'manja, nkugwada patsogolo pa a Namakhwa monga amachitira mkazi popereka madzi kwa mkulu.

Zinali zitsononkho zonyansa, zoti pamsika palibe angazigule. Njere zinali patalipatali, mipata yokhayokha ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Koma zinalipo, zing'onozing'ono, zowala, zoyera ndi zina zofiirira. Amayi ena anathamangira kumtunda nkuyamba kufuula kuti kuno ziliponso, kunonso zilipo.

A Namakhwa analandira chimodzi. Anachitembenuza, nkuchiyandikitsa ku magalasi. Anatonola njere imodzi yofiirira, nkuikanikiza ndi chikhadabo mwamphamvu. Sinabooke. Anaiika pakati pa chikhatho, nkufumbata, nkutsamiritsa chibakeracho pachifuwa. Misozi inatsika mpaka m'kolala ya jekete, iwo osaipukuta. Mayi Makwinja anali chigwadire.

"Ndi chomwecho, bambo?" anafunsa motsitsa mawu.

A Namakhwa anagwedeza mutu.

"Ndi iyeyu," anatero. "Ndi Esinala."